Nthutumba kapena banyira? Za ma DLC ndi magemu a ku Rockville

Lero tikamba za magemu. Amene simusewera musathawe ayi, chifukwa pansi pa nkhaniyi pali ndalama, ndipo ambiri a inu muli ndi mng'ono kapena mlongo amene tsiku lina adzakupemphani kuti mumugulire gemu.

Funso lake ndi lakale ndithu pakati pa osewera. Mwagula gemu pa $70. Pangopita milungu ingapo, kampani yomweyo ikukuuzani kuti kwatuluka chigawo chowonjezera, chimene amachitcha DLC, lipirani $10 kapena $30 kuti muchidawunilode. Ndiye munthu umadzifunsa: kodi chigawochi n'chatsopanodi, kapena anachidula m'gemu imene ndinalipira kale n'kuchibisa kuti adzandigulitse kachiwiri?

Kumudzi funso limeneli timalidziwa bwino, kungoti timalifunsa pa nkhuku. Mlendo mukamuphera nkhuku, m'mbale mwake mumayenera kupezeka nthutumba. Ikasowa, ngakhale ntchafu zonse zikhalepo, akuluakulu amadziwa kuti wina wadyako kukhitchini ndipo nkhukuyo si yathunthu. Pamsika tilinso ndi chinthu china, banyira, imene anzathu a ku Chipata ndi Lusaka amati mbasela: mwagula mulu wa tomato, amayi aja n'kukuponyerani awiri pamwamba. Banyira ikasowa simungakasume kwa amfumu, chifukwa mulu umene munalipira mwaulandira wonse. Mkangano wa DLC wagona pamenepa. Chimene akutigulitsa paderachi, ndi nthutumba kapena ndi banyira?

Ife okhala kuno ku DMV nkhaniyi ndi ya pakhomo pathu. Mukakwera Red Line kulowera ku Shady Grove mumadutsa Bethesda, kenako Rockville. Kampani ya Bethesda Softworks anaiyambitsa ndi Christopher Weaver mu 1986 m'tauni ya Bethesda, n'kumene kunachokera dzinalo, ndipo pambuyo pake inasamukira ku Rockville. Ndi imene inatulutsa magemu a The Elder Scrolls, kuphatikizapo Skyrim, komanso Fallout 3, Fallout 4 ndi Starfield. Mu 2021 Microsoft inamaliza kugula ZeniMax Media, mwini wake wa Bethesda, pa madola 7.5 biliyoni. Ndiye tikamawadzudzula, musaganize kuti tikulimbana ndi anyamata awiri ovutika m'galaja.

Pa 20 March 2006 anthu a ku Rockville amenewa anatulutsa Oblivion, gemu yaikulu imene munthu ukhoza kuisewera maola oposa 100 osaimaliza. Patangotha milungu iwiri, kumayambiriro kwa April, anaika pamsika zovala zachitsulo zoveka hatchi yanu m'gemumo. Mtengo wake unali $2.50 pa Xbox 360 ndi $1.99 pa kompyuta. Zovalazo zinkalimbitsa hatchiyo pang'ono, koma kwenikweni zinali zongokongoletsa. Osewera anakwiya koopsa, moti mpaka lero munthu akafuna kunyoza DLC yopanda pake amangotchula za zovala za hatchi zija, aliyense amamva. Chimene sitikonda kukumbukira n'chakuti anthu anagula, ndipo anapitiriza kugula kwa zaka zambiri. Makampani ena onse anali tcheru. Anamva phokoso, anawerenganso ndalama, n'kuona kuti ndalamazo n'zimene zikunena zoona.

Tiyeni tiweruze mlandu woyambawu mwachilungamo. Kodi zovala za hatchi anazidula mu Oblivion? Mukasewera gemuyo kuyambira m'ndende muja mpaka kumapeto, palibe pamene mungaone bowo lofanana ndi zovalazo. Nkhani yake ndi yathunthu. Choncho imeneyi sinali nthutumba. Inali banyira, ndipo chimene chinawawa anthu n'chakuti banyira anaiika mtengo. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 2002, kampani yomweyi inkapereka tinthu ting'onoting'ono totere ulere kwa osewera Morrowind pa kompyuta, n'kumagulitsa zigawo zikuluzikulu zokha, Tribunal ndi Bloodmoon. Tangoganizani amayi a tomato aja, amene munawazolowera, tsiku lina akuponyereni awiri aja kenako akuuzeni kuti onjezerani K200. Sanakubereni, koma ubale wasintha, ndipo mawa mukamabwera muziwerenga tomato mmodzimmodzi.

Musanathamangire kunena kuti chilichonse chodulidwa n'chobedwa, mvetsani kaye mmene gemu imapangidwira. Gemu iliyonse yaikulu imadulidwa. Pa pepala opanga amalota zambiri kuposa zimene nthawi ndi ndalama zingalole, ndiye tsiku lotulutsa likamayandikira amayamba kutaya katundu. Mu Oblivion momwemo munayenera kukhala mzinda wotchedwa Sutch. Anauchotsa, n'kusiya bwinja la linga lokha, ndipo sanaugulitsepo kwa aliyense. Mu Skyrim ya 2011, nkhondo yapachiweniweni ija anaikonza yaikulu kuposa imene tinalandira. Zidutswa zake zinatsalira m'mafayilo, ndipo osewera odziwa makompyuta ndi amene anazifukula n'kuzigawa ulere. Zinthu zambiri zodulidwa zimathera kudzala basi, sizifika pamsika.

Chinanso ndi kalendala ya ntchito. Olemba nkhani ndi ojambula amamaliza mbali yawo miyezi ingapo gemu isanatuluke. Miyezi yomalizayo imakhala ya okonza zolakwika ndi oyesa gemu, kenako gemuyo ipite kwa Sony kapena Microsoft kuti akaivomereze, kenako madisiki adindidwe n'kutumizidwa m'masitolo. Nthawi yonseyi ojambula aja atani? Mwina apite pa gemu ina, mwina achotsedwe ntchito, mwina ayambe DLC. Choncho kumva kuti DLC anaiyamba gemu isanatuluke sikokwanira kuti tigamule kuti yabedwa. Umboni weniweni uli m'gemu momwemo: kodi mukaisewera popanda DLC, ikuima payokha?

Apa ndi pamene Fallout 3 ikulowera, ndipo amene simunaisewere khululukani, ndiulula mathero ake. Inatuluka pa 28 October 2008, ndipo nkhani yake ikuchitikira kuno komwe, mu 2277, patatha zaka 200 mabomba a nyukiliya atagwa. Kwa munthu wokhala ku DMV gemu imeneyi imachititsa nthumanzi mwapadera. Mumayenda m'njanje za pansi za Metro, denga lake lomwe lija la mabokosimabokosi a simenti, mukudutsa Metro Center ndi Farragut West muli mdima ndi zilombo. National Mall yasanduka ngalande za nkhondo. Chiboliboli cha Abraham Lincoln chilibe mutu, ndipo akapolo othawa ndi amene akuusunga mutuwo kuti adzaubwezeretse. Pentagon yasanduka linga la gulu la asilikali lotchedwa Brotherhood of Steel. Inuyo mumatuluka mu Vault 101 kukafunafuna bambo anu, amene moyo wawo wonse anaupereka pa ntchito imodzi: kuyeretsa madzi a mu Potomac, ndi makina amene ali mkati mwa Jefferson Memorial. Kwa ife amene tinakulira pa mizere ya pa mjigo ndi mipopi youma, gemu imene nkhondo yake yaikulu ndi ya madzi akumwa siyachilendo ngakhale pang'ono.

Vuto lili kumapeto. Kuti makina aja ayake, munthu wina ayenera kulowa m'chipinda chodzaza radiyeshoni, poizoni uja wa nyukiliya, n'kufera momwemo. Gemu imakuuzani kuti musankhe: mulowe nokha, kapena mutume msilikali Sarah Lyons. Komatu pambali panu pakhoza kukhala Fawkes, chimphona chimene radiyeshoni sichiipha. Mukudziwa zimenezi chifukwa maola ochepa m'mbuyomo Fawkes yemweyo analowa m'malo a poizoni ku Vault 87 kukakutengerani chipangizo. Mukamupempha kuti alowenso pano, amakana, akuti limeneli ndi gawo lanu. Mufe basi. Ndipo mukafa, kapena Sarah akafa, gemu imatsekeka. Simungabwererenso kukamaliza zimene munasiya. Kwa gemu imene kukoma kwake konse ndi kuyendayenda mwaufulu, uku kunali kulemba kofooka, ndipo osewera anadandaula kwambiri. Todd Howard, mkulu wa opanga gemuyi, anavomera poyera kuti phunziro limene anatengapo ndi loti gemu yotere isamatsekeke.

Ndiye anakonza. Mu May 2009 kunatuluka Broken Steel. Tsopano Fawkes akhoza kulowa m'chipinda chija, inu mumadzuka patatha milungu iwiri, nkhani n'kupitirira, ndipo levulo yomaliza inakwera kuchoka pa 20 kufika pa 30. Mtengo wake $10. Kodi anaidula m'gemu yoyamba? Palibe chosonyeza zimenezo. Zikuoneka poyera kuti anaipanga poyankha madandaulo. Koma ine chigamulo changa n'chakuti mu Broken Steel anasakaniza zinthu ziwiri zimene zinayenera kusiyanitsidwa. Nkhondo yatsopano ija, adani atsopano ndi malo atsopano, imeneyo ndi ntchito yowonjezera ndipo ogwira ntchito ayenera kulipidwa. Koma kulola Fawkes kuti achite chinthu chanzeru, ndi kutsegula gemu kuti ipitirire, kumeneko ndi kukonza denga limene mmisiri analikhoma lodontha. Mmisiri wabwino denga lake likadontha amabwera kudzamata ulere. Akakuuzani kuti ndimata pokhapokha mugulenso khonde latsopano, ngakhale khondelo likhale lokongola chotani, wakugwirani pakhosi.

Kuti muone kusiyana, tengani Point Lookout, imene inatuluka mwezi wotsatira, mu June 2009. Dzina lake ndi la malo enieni kum'mwera kwa Maryland, ku St. Mary's County, kumene Potomac imathira mu Chesapeake Bay. Mumakwera boti n'kupita kudambo lachifunga lokhala ndi anthu ake, mantha ake ndi nkhani yakeyake. Mukapanda kuigula, Fallout 3 yanu siisowa kanthu. Mukaigula, mwapeza ulendo wina. N'chimodzimodzi Shivering Isles ya Oblivion, ya mu 2007, imene ambiri amati inaposa nkhani ya gemu yaikuluyo kukoma. Zimenezi ndi nkhuku yachiwiri, ndipo nkhuku yachiwiri imalipiridwa. Amene amati DLC iliyonse ndi kuba sanasewerepo zigawo ziwirizi.

Koma musati ndikuwaikira kumbuyo amalonda. Milandu ya nthutumba yeniyeni ilipo, ndipo ina umboni wake ndi wosatsutsika. Mu Assassin's Creed II ya Ubisoft, ya mu November 2009, nkhani imalumpha kuchoka pa mutu 11 kufika pa mutu 14, gemu n'kukuuzani kuti mitu iwiri yapakatiyo yawonongeka. Kumayambiriro kwa 2010 mitu 12 ndi 13 inapezeka pamsika, ndipo Patrice Désilets, amene ankatsogolera ntchitoyo, ananena yekha kuti inali m'pulani yoyamba koma anaichotsa chifukwa nthawi inachepa. Mu 2012 osewera anatsegula mafayilo a Street Fighter X Tekken ya Capcom n'kupeza omenya 12 ali kale pa disiki imene anagula, atakhomedwa ndi loko. Chimene Capcom inagulitsa pambuyo pake pa $20 chinali kiyi basi. Chaka chomwecho, Asura's Wrath ya kampani yomweyo inathera m'malere, ndipo mathero enieni anawagulitsa padera. Pamenepo palibe chokambirana. Mwagula buku, tsamba lomaliza ang'amba, akukugulitsani pakhomo potuluka.

Masiku ano njira yasintha, ndipo mawu oti kudula sakukwaniranso. Kampani siifunika kudula kanthu ngati kuyambira pa tsiku loyamba inakonza gemuyo ndi mipata yodzagulitsamo zinthu. Onani Starfield, ya ku Rockville konkuno, ya mu September 2023. Mu June 2024 anawonjezera ntchito za gulu la osaka zigawenga lotchedwa Trackers Alliance. Ntchito yoyamba anakupatsani ulere. Yachiwiri, yotchedwa The Vulture, inali pafupifupi $7, ntchito imodzi yokha. M'magemu akale a kampani yomweyi, kulowa gulu ngati limeneli kunkatanthauza mndandanda wonse wa ntchito, m'kati mwa mtengo umene munalipira. Apa palibe anadula kanthu pa disiki yanu, zoona. Angochepetsa mbale yoyezera. Mukukumbukira mavenda aja amene amamenya pansi pa ndowa kuti ilowe m'kati? Ndowa ikuoneka yodzaza mpaka pamwamba, koma chimanga chachepa. Osewera anaona, anadzaza Steam ndi madandaulo, ndipo pamenepa ndili mbali yawo.

Palinso njira ina imene ndimaiona yoopsa kuposa kudula: kugulitsa DLC imene kulibe. Kwathu timati kugulitsa chimanga chili m'munda. Redfall, imene Bethesda Softworks inatulutsa mu May 2023, inali ndi mtundu wodula wa $100 umene unalonjeza kuti mudzalandira anthu awiri atsopano osewera nawo. Mu May 2024 Microsoft inatseka Arkane Austin, situdiyo imene inapanga gemuyo, ndipo anthu awiri aja sanabwere. Ogula anawalonjeza kuwabwezera mtengo wa gawo limenelo, komabe kwa chaka chathunthu ndalama zawo zinali m'thumba la kampani, chosinthana nacho chili lonjezo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tikwere pang'ono kumpoto, kupitirira Baltimore, kumene kuli Firaxis Games, opanga Civilization. Apa funso la DLC limatikhudza ife a ku Africa mwa njira ina. M'gemu imeneyi mumasankha mtundu wa anthu n'kuutsogolera kuyambira nthawi ya miyala mpaka ya maroketi. Mu Civilization yoyamba, ya 1991, Azulu ndi Shaka anali m'gemu momwemo, osalipira kanthu kowonjezera. Shaka yemwe uja amene nkhondo za m'nthawi yake zinakankha Angoni a Zwangendaba mpaka kuwoloka Zambezi mu 1835, n'kudzakhala makolo a ambiri a ife a ku Mzimba ndi Chipata. Kuyambira Civilization IV, Azulu akhala akubwera m'zigawo zogula padera: Warlords mu 2006, Brave New World mu 2013, Rise and Fall mu 2018. Civilization VI itatuluka mu October 2016, ufumu wa kum'mwera kwa Sahara umene mukanasankha unali umodzi, Kongo. Nubia inabwera mu 2017, Mali ya Mansa Musa mu 2019, Ethiopia mu 2020, zonse zolipira. Ufumu wa Maravi sunalowepo n'komwe.

Chilungamo chake, si Afirika okha amene amaikidwa pa shelefu yachiwiri. Mu Civilization VII, imene inatuluka mu February 2025, Great Britain yeniyeniyo, atsamunda athu aja, inabwera ngati DLC patatha milungu yochepa. Ena a ife tinasekako pang'ono, tisaname. Komabe mfundo ikhalepo: pamene opanga akusankha zolowa m'gemu yaikulu ndi zodikira, akusankhanso kuti mbiri ya ndani ndi chakudya chenicheni ndipo ya ndani ndi zokometsera. Mwana wa ku Zomba amene wagula gemu yaikulu yokha amaona mapu a dziko pamene mbali ya kwawo ili pafupifupi yopanda kanthu, ndipo kuti aidzaze ayenera kulipira kangapo.

Makampani nawo ali ndi yankho, ndipo si bodza lokhalokha. Mtengo wa gemu yatsopano unakhala pa $60 kuyambira cha mu 2005 mpaka 2020, pamene unayamba kukwera kufika $70. Mukawerengera kukwera mitengo kwa zinthu, $60 ya mu 2006 ndi yoposa $90 ya lero, pomwe chiwerengero cha anthu opanga gemu imodzi chakwera kwambiri. Ndiye amati DLC ndi imene imatseka mpatawo n'kusunga anthu pa ntchito. Mbali yoyambayo ndikuvomera. Yachiwiriyo ndikukayika. Mu January 2023 oyesa magemu pafupifupi 300 a ZeniMax, a kuno ku Maryland ndi a ku Texas, anapanga yuniyoni pansi pa Communications Workers of America, yoyamba ya ogwira ntchito a Microsoft muno mu America. Anthu amene ntchito yawo ndi yotetezeka ndipo malipiro akuwakwana sathamangira kupanga yuniyoni. Chaka chotsatira ndi chimene Arkane Austin inatsekedwa. Choncho mukamva kuti gulani DLC kuti muthandize opanga, dziwani kuti ndalama yanu imayamba yadutsa m'manja ambiri isanafike kwa wojambula uja, ngati ifika n'komwe.

Nanga boma? Federal Trade Commission, imene ili pa Pennsylvania Avenue mu DC momwemuno, inagwirizana ndi Epic Games, eni ake a Fortnite, mu December 2022 kuti alipire madola 520 miliyoni. Mwa ndalamazo, 245 miliyoni zinali zobwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu mwa ukathyali, batani limodzi lokha ndalama n'kupita. Amenewo ndi malamulo okhudza chinyengo polipiritsa. Kwathu a Malawi Bureau of Standards akhoza kubwera pamsika n'kuyesa sikelo ya venda, chifukwa kilogalamu ndi kilogalamu. Gemu ilibe sikelo yotere. Palibe muyezo woti gemu yathunthu izikhala ndi maola akutiakuti kapena mitu ingati. Sikeloyo ndi inuyo.

Ndiye muziyesa bwanji? Ine ndimafunsa mafunso atatu, ndipo loti anaipanga liti silili m'gulumo. Loyamba: nkhani imene gemu inayamba, kodi ikuimaliza yokha? Ngati mathero, kapena mutu wapakati, kapena munthu amene nkhani singamveke popanda iye ali kuseri kwa loko, imeneyo ndi nthutumba, musawakhululukire. Lachiwiri: kodi gemu ikundivutitsa dala kuti ndigule mankhwala ake? Mukaona kuti kukwera levulo kukuchedwa mosadziwika bwino, kenako sitolo ya m'gemumo ikugulitsa chofulumizitsa, dziwani kuti amene anakumba dzenjelo ndi yemwe akugulitsa makwerero. Lachitatu: kodi chimene ndikulipira chilipo lero, ndipo anthu achisewera n'kunenapo maganizo awo? Ngati kulibe, sungani ndalama zanu.

Ndalamazo tizizitchula ndi mayina ake enieni. Malipiro otsikitsitsa ku Maryland anafika $15 pa ola mu January 2024. Gemu ya $70 ndi pafupifupi maola asanu muli chiimire, msonkho usanachotsedwe. Amene muli pa viza ya F-1 mukudziwa kuti sukulu ikakhala yotsegula simuloledwa kupitirira maola 20 pa mlungu, ndiye gemu imodzi yadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mlungu wanu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi kubanki inafika cha m'ma K1,700, kutanthauza kuti $70 yomweyo inali pafupifupi K120,000 ikafika kumudzi. Sindikunena kuti musasewere. Munthu amene wagwira shifiti ziwiri m'nyengo yozizira ya kuno ali ndi ufulu wopuma mmene akufunira, ndipo asakuimbeni mlandu aliyense. Ndikungoti mukamadina batani logulira, muzidziwa kuti mukusinthanitsa ndi chiyani.

Ndipo chida chanu chachikulu n'chosavuta: kudikira. Amene anagula Fallout 3 tsiku loyamba pa $60, n'kugulanso ma DLC onse asanu pa $10 iliyonse, analipira $110. Mu October 2009, chaka chisanathe n'komwe, zonsezo anaziika m'bokosi limodzi pa mtengo wa gemu imodzi. Zimenezi zimachitika pafupifupi ndi gemu iliyonse yaikulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, eti? Amene mukugulira achibale kumudzi, onjezerani funso lina: kodi zimene zili pa disiki zikukwana, kapena gemuyo ikufuna kudawuniloda zambiri isanayambe? Starfield pa kompyuta imafuna malo okwana 125 GB. Muuzeni mng'ono wanu wa ku Ndirande kuti adawunilode zimenezo ndi bandulo ya TNM kapena Airtel, magetsi akuthimathima, mumve mmene akuyankhireni. Kwa iye gemu yakale imene zonse zili pamodzi ndi mphatso yabwino kuposa yatsopano yobwera zidutswazidutswa.

Mu April 2025 Bethesda inatulutsanso Oblivion itakonzedwa mwatsopano. Mtundu wamba, wa $50, uli ndi Shivering Isles ndi zigawo zina zakale momwemo, kuphatikizapo zovala za hatchi za mu 2006 zija. Mtundu wodula, wa $60, mwa zina uli ndi zovala za hatchi zatsopano. Akudziseka okha, ndipo nthabwalayo ikuwalowetsera ndalama. Chimene chinakwiyitsa anthu pa $2.50 zaka 19 m'mbuyomo, lero osewera amachilipira kangapo kuposa pamenepo mu Fortnite ndi Call of Duty osaphethira n'komwe. Tinazolowera, ndipo kuzolowera kumeneko n'kumene makampani amadalira.

The Elder Scrolls VI anailengeza mu 2018, ndipo ikupangidwa ndi anthu a ku Rockville omwewa. Tsiku limene idzatuluke padzakhala mtundu wamba, padzakhalanso wodula wolonjeza zakutsogolo, ndikhoza kubetcha. Mudzakumbukire mafunso atatu aja musanatulutse khadi. Pakadali pano tilembereni: ndi DLC iti imene munaona kuti ndalama yanu inagwira ntchito, ndipo ndi iti imene inakusiyani mukuyang'ana m'mbale? Tidzawerenga mayankho anu m'pulogalamu ikubwerayi.